Kutsata Galimoto Yofiira

M'galaja ya kuseri kwa nyumba ya a Kamvuluvulu munkagona galimoto ziwiri zothamanga, zija za mipando iwiri yokha, zazifupi moti munthu polowamo amachita kupinda msana ngati akulowa m'khola la nkhuku. Yofiira inali ya amuna awo, yoyera inali yawo. Zonse ziwiri zinali nkhalamba ngati eni ake, koma zikalira Loweruka m'mawa, agalu a mumsewu wonsewo ankayankha.

Dzina la Kamvuluvulu sanabadwe nalo ayi. Anawapatsa ndi anamwino anzawo pachipatala chimene anagwirapo ntchito ya uzamba mpaka kupuma, chifukwa cha kafikidwe kawo pageti. Kunkayamba kuoneka fumbi, kenako phokoso, kenako mayi wamfupi akutsika, akukonza duku ngati palibe chachitika. Amuna awo anali kalipentala, munthu wofatsa, wa mawu owerengeka. Awiriwa anakumana chifukwa cha galimoto zomwezi. Aliyense anagula yake ili yakufa, yopanda ndi matayala omwe, ndipo onse anakaisiya kwa makaniko mmodzi. Anakangana kwadzaoneni za amene ayambe kukonzeredwa, ndipo mkangano umenewo unakathera mu ukwati.

Chikondi chawo chinali cha ponda apa nane m'pondepo, komabe panali chinthu chimodzi chimene anthu sankachimvetsa. Chikwatiranire, awiriwa anali asanakwerepo galimoto imodzi. Kumsika, kuukwati, kumaliro, ankapita motsogozana, aliyense pachiwongolero chake. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, ankapita ndi bambo ake n'kubwerera ndi mayi ake, mpaka anakula n'kukakhala kwina. Munthu akafunsa chifukwa chowonongera mafuta chotere, a Kamvuluvulu ankayankha mosaphethira kuti, "Ine sindine thumba la simenti loti wina azindinyamula." Loweruka lililonse ankapita kukaphiri kena ka kunja kwa tauni, komwe kunali mtengo waukulu ndi benchi, n'kukamwa tiyi wa mufulasiki. Ulendo umenewu unkakhala mpikisano, ndipo kalipentala uja ankafika tiyi atathiridwa kale.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Maso a mayiwo anayamba kuchita chifunga. Poyamba anaimba mlandu magalasi awo, kenako mababu a m'nyumba, kenako anthu olemba zikwangwani kuti masiku ano akulemba timalemba ta nyerere. Dokotala wa maso atawayeza anapukusa mutu. Anati vutoli si ng'ala yoti n'kuchotsa, lizingokulirakulira, ndipo chiwongolero achisiye asanapweteke munthu. Mayiwo anathokoza mwaulemu, anatuluka, n'kukalowa m'galimoto yawo n'kuyendetsa mpaka kunyumba. Amuna awo atafunsa zimene dokotala wanena, anangoti, "Akuti n'kutopa chabe."

Munthu wouma mutu sasowa nzeru zopusa. Zikwangwani zinali zitasiya kuwerengeka, nkhope ya munthu ankaizindikira akafika pafupi, koma chinthu chachikulu chofiira ankachiona bwinobwino. Choncho Loweruka lotsatira anauza amuna awo kuti, "Lero tsogolani ndinu. Ndatopa nako kukupambanani." Kuyambira tsiku limenelo, msewu wawo unali msana wa galimoto yofiira. Ikakhota, nawo ankakhota. Nyali zake zakumbuyo zikayaka, nawo ankaponda mabuleki. Mwamwayi, monga mmene iwo ankaganizira, ukalamba unali utawapeza amuna awo nthawi yomweyo. Bambowo anayamba kuyenda pang'onopang'ono, kulola ndi amalole omwe kuwapitirira, moti anzawo a kogulitsa matabwa anawapatsa dzina loti a Kamba. A Kamvuluvulu ankaseka nawo dzinalo, uku mumtima akuthokoza.

Zinthu zikanapitirira chomwecho pakanapanda wamalonda wina wa galimoto amene anaziona ziwirizi zitaima pamalo omwetsera mafuta. Anazizungulira ngati mphaka wanunkhiza mkaka, ndipo patapita masiku anafika kunyumba ndi nkhani yake. Anati panali munthu wokonda galimoto zakale amene ankazifuna zonse ziwiri pamodzi, ndipo iye anali wokonzeka kuwapatsa imodzi yatsopanoko m'malo mwake, nayonso yothamanga, nayonso ya mipando iwiri. A Kamvuluvulu anadikira kuti amuna awo amuthamangitse, pakuti bambowo ankaisamala galimoto yofiirayo kuposa bondo lawo lomwe linkawapweteka. Anadabwa kuona bambowo akumuperekeza mlendoyo mpaka pageti, akugwedezera mutu.

Madzulo a tsikulo mayiwo anawapeza amuna awo m'galaja, atagwada movutikira, akupukuta nyali zakumbuyo za galimoto yofiira.

"Mwamva zimene wanena wamalonda uja, mayi a mwana?" anafunsa bambowo osatembenuka.

"Ndamva. Makutu anga ali bwinobwino."

"Akuti denga lake silidontha ngati la yangayi. Ndipo ikathamanga, akuti mpaka tsitsi limaima."

"Mipando iwiri, chiwongolero chimodzi," anatero mayiwo. "Nanga winayo azigwira chiyani? Fulasiki?"

"Winayo azicheza ndi woyendetsa."

"Mukafuna kucheza, pakhonde mipando yatha? Nenani zoona, bambo a mwana, mwayamba kuopa msewu. Anzanu aja sakunama kukutchani Kamba. Ngati mantha akugwirani, gulitsani yanuyo mugule njinga. Yanga asaikhudze munthu."

Kalipentala uja anapitiriza kupukuta nyali yomwe inali itayera kale, kenako anati, "Chabwino. Wanena kuti tiyambe taganiza."

Mawu aja analasa, ndipo mayiwo anadziwa kuti alasa. Anadziwanso kuti wamantha weniweni m'nyumba imeneyo anali iwo. Ankaopa kuti tsiku limene adzakhale pampando wa wokwera, manja ali pamiyendo, Kamvuluvulu adzakhala atatha, kudzatsala gogo wamba woti anthu azimutsegulira chitseko. Ankaona kuti bola kugwera m'ngalande ali pachiwongolero kusiyana ndi zimenezo. Za anthu ena oyenda mumsewu womwewo sanafune kuziganizira n'komwe, ndipo apa mpamene kuuma mutu kumasiya kukhala nthabwala.

Loweruka linafika, kunja kuli ngwee. Ananyamuka monga mwa masiku onse, yofiira patsogolo, yoyera pambuyo. Atangotuluka m'tauni anapeza anthu akukonza msewu pamphambano ina. Panali fumbi, migolo yoikidwa pakati pa msewu, ndi munthu wokupiza mbendera. Munthu wa mbenderayo analola galimoto yofiira kudutsa, kenako analowetsa lole ya mchenga pakati pawo. A Kamvuluvulu anangoona khoma lotuwa patsogolo pawo. Anagwira chiwongolero zolimba, thukuta likutsika kumsana, akuyenda m'fumbi la loleyo ngati munthu wofufuza chitseko mumdima. Patapita kanthawi lole ija inapatukira pambali, ndipo kutsogolo kunaoneka chinthu chofiira chikukhotera kumanzere. Anapumira m'mwamba n'kuchitsata.

Makhotedwe a msewuwo anaoneka achilendo, koma anadziuza kuti okonza msewu aja apatutsa anthu. Anayandikira monga mwa chizolowezi. Galimoto yofiira inawonjezera liwiro. Anayandikiranso, nayo inawonjezeranso. A Kamvuluvulu anaseka okha m'galimoto. "Eee, lero Kamba wadzuka!" anatero. Anaganiza kuti mawu aja a m'galaja awapsetsa mtima amuna awo, ndipo tsopano akufuna kuonetsa kuti akadali mwamuna. Magazi a utsikana anabwerera m'mitsempha. Analiza hutala kawiri, moni wawo wakale wa pampikisano, n'kusintha giya. Yofiira ija inaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, iwo ali pambuyo pake, mphuno pamchira.

Mmene anasangalalira sizinachitikepo chiyambireni vuto la maso. Anadutsa malo ena aphokoso onunkhira zokazinga, mithunzi ya anthu ikudumphira uku ndi uku. Analowa m'timisewu ta pakati pa nyumba, kukhota kumanja, kukhota kumanzere, galimoto ikudumpha pazitunda zochepetsa liwiro. Anayamba kudabwa kuti kaphiri kaja sikakufika bwanji, koma chisangalalo chinali chitawatseka nzeru. Potsiriza yofiira ija inaima mwadzidzidzi pageti lina, matayala akulira. Nawo anaima, anazimitsa injini, n'kutsika akukonza duku.

"Bambo a mwana, lero ndiye mwandikumbutsa kale!" anafuula akuseka.

Amene anatuluka m'galimotomo sanali bambo a mwana. Anali mayi wachitsikana, atanyamula ambulera m'mwamba ngati chibonga. "Musandiyandikire!" anakuwa. "Mukufuna chiyani kwa ine? Ndiitana anthu!" Kumpando wakumbuyo khanda linali kulira mosweka mtima. A Kamvuluvulu anayenda pang'ono n'kugwira galimotoyo ndi dzanja. Inali yaitali, ya zitseko zinayi, galimoto wamba yopitira kuntchito. Kufiira kokha ndiye kunali kofanana.

Mtsikana uja anatsitsa ambulera ataona kuti wachifwamba wake ndi gogo wamfupi wa magalasi ochindikala. Mantha ake anasanduka mkwiyo. "Agogo, ndinu amene mwandithamangitsa chonchi? Ine ndimayesa akuba galimoto! Ndadutsa pamsika ngati wamisala, mwana ali kumbuyoku. Pang'onong'ono ndikanagunda mayi wosenza dengu. Mwaganiza bwanji koma?"

Khanda lija linkalirabe. A Kamvuluvulu ankadziwa kulira kwa makanda kuposa nyimbo ina iliyonse. Manja awo omwewo, amene anali atangochoka pachiwongolero, analandira ana osawerengeka pa dziko lino, ena akuwapuliza mpweya m'kamwa kuti akhale ndi moyo. Lero manja omwewo anatsala pang'ono kupha khanda la mwini, iwo akuseka. Anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, pafumbi, ndipo kwa nthawi yoyamba ananena mokweza chimene anachibisa miyezi yonseyi.

"Mwana wanga, ndikhululukire. Ine sindiona bwino. Ndimayenda potsata galimoto ya amuna anga. Nayonso ndi yofiira."

Mtsikanayo anayang'ana gogoyo, anayang'ana galimoto yoyera ija, kenako anakatulutsa mwana wake n'kumutonthoza paphewa. Mkwiyo wa munthu wabwino sukhalitsa. Anatsegula geti, anatulutsa mpando ndi kapu ya madzi, n'kufunsa ngati ali ndi foni. Foni inali m'chikwama kuseri kwa mpando, komwe inakhala ikulira ulendo wonse, phokoso la injini likuimeza. A Kamvuluvulu sakanatha kuona manambala, choncho mtsikanayo ndiye anaimba n'kuwagwirizira kukhutu.

"Muli kuti?" Mawu a amuna awo anamveka a wefuwefu, ngati a munthu wokwera phiri. "Mwavulala? Mayi a mwana, yankhulani, mwavulala?"

"Sindinavulale," anayankha motsitsa. "Ndasochera." Mtsikana uja anatenga foniyo n'kuwalongosolera bambowo njira.

Bambowo atafika, mtsikana uja anachita kugwira pakamwa. Thalauza lawo linali matope mpaka m'mawondo, malaya ali chisoso chokhachokha, ndipo dzanja limodzi linali litakalidwa ndi waya. Ataona kuti galimoto yoyera sikutuluka m'fumbi muja, anali atabwerera pamphambano paja n'kuyamba kufufuza wapansi. Anatsikira m'ngalande zonse za m'mbali mwa msewu, analowa ndi pansi pa mlatho pomwe, ndi bondo lawo lopweteka lija, akuitana mkazi wawo m'tchire. A Kamvuluvulu sanaone bwino nkhope yawo, koma anamva fungo la matope, ndipo anadikira kukalipiridwa. Bambowo anangowagwira dzanja ndi manja awo onse awiri, n'kukhala choncho kwa kanthawi, akupuma. Kenako anatembenukira kwa mtsikana uja, anavula chipewa, anapepesa, n'kupempha kuti galimoto yoyerayo igone mumpanda mwake mpaka mawa.

Panalibenso chokambirana. A Kamvuluvulu anaima pachitseko cha wokwera cha galimoto yofiira, chitseko chimene anali asanachigwirepo chikhalire. Anachitsegula okha amuna awo asanafike, popeza kunyada sikufa tsiku limodzi. Mpandowo unali wolimba ngati watsopano, pakuti chichokereni mwana wawo palibe amene anakhalapo. Manja awo anasowa pokhala. Anawaika pamiyendo, anawachotsa, kenako anakumbatira chikwama.

Anayenda kamtunda ndithu. Kenako mayiwo anafunsa, maso ali kutsogolo, "Munadziwa liti?"

"Tsiku limene munandiuza kuti nditsogole," anayankha bambowo. "Inu simunapatsepo munthu mpata mwaulere."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Ndikananena, mukanatsogola dala kuti mundionetse. Ndinangosintha mababu akumbuyoku, ndinaika owala kwambiri, n'kumayenda pang'onopang'ono. Ndinkayesa kuti zikwanira. Mwina bola ndikanabisa makiyi anu."

"Mukanagona panja."

"N'chifukwa chake sindinabise."

Mayiwo anafuna kuseka, koma anakumbukira mmene ankasekera dzina la Kamba pamodzi ndi anthu a kumatabwa aja, osadziwa kuti mwamunayo analisenza dzinalo chifukwa cha iwo. Manyazi anawagwira, ndipo pansi pa manyaziwo panali chikondi chowawa ngati bala. Anatembenukira kuwindo kuti asaonedwe.

Analowa mumsewu waukulu. Injini inkalira bwino, mphepo ikulowa pawindo. Ndiye a Kamvuluvulu anayamba kumva kung'ung'udza pambali pawo. Poyamba anayesa kuti bambowo akuimba. Atatchera khutu anamva mawu.

"Apa pali dzenje, mayi a mwana, pitani kumanja pang'ono. Eya, mwatha. Njinga iyo, mwaiona? Musafulumire, ndikukudikirani. Taonani mitengo ija yachita maluwa chaka chino."

Anatembenuka n'kuwayang'anitsitsa. Pafupi chotere nkhope inkaoneka bwino. Bambowo sankayang'ana kumpando wa wokwera ayi. Maso awo ankapita pamsewu, kenako pagalasi loonera kumbuyo, ndipo ankalankhula ndi galasilo mwachifatse, ataiwaliratu kuti munthu wake ali pambali pawo.

"Bambo a mwana, mukulankhula ndi ndani?"

Kalipentala uja anadzidzimuka, galimoto mpaka inagwedezeka. Anakanda kumutu ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. "Aa, pepani. N'chizolowezi chabe. Ndimacheza nanu pagalasipa."

"Chiyambireni vuto la masoli?"

"Ayi, kuyambira kalekale. Kungoti kale munkakhala patsogolo, ndiye ndinkalankhula ndi fumbi lanu."

"Munkanena chiyani?"

"Zambiri. Za mwana, za matabwa, za anthu ovuta kuntchito. Nthawi zina ndinkakuuzani kuti diresi lakukhalani. Pakhonde paja mawu sabwera, koma ndikagwira chiwongolero amangotuluka okha."

Zaka zonsezi a Kamvuluvulu ankadandaula kwa anzawo kuti anakwatiwa ndi munthu wosalankhula, woti mawu umachita kumukumba ngati mbewa. Osadziwa kuti mwamunayo ankawatsanulira mtima wake wonse Loweruka lililonse, iwo ali m'galimoto ina, atatseka mawindo, akuthamangira kukapambana. Misozi inatsika, ndipo ulendo uno sanaibise.

"Mawu onsewo anathera mumsewu," anatero.

"Ena atsala," anayankha bambowo.

Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, anaika chikwama pansi, n'kukhazikika bwino pampando wolimba uja. "Mawa mumuitane wamalonda uja azitenge zonse ziwiri," anatero. "Koma mumuuze kuti ndiyambe ndamva kulira kwa injini ya galimoto yakeyo. Ikakhala yolira ngati mbuzi ya chimfine, abwerere nayo." Kenako anawonjezera motsitsa mawu. "Tsono pitirizani. Munati mitengo yatani?"

Bambowo anatsokomola, anayang'ana pagalasi mwachizolowezi, kenako anatembenuzira mutu pang'ono kumbali imene kunali mkazi wawo, n'kuyamba kuwafotokozera za maluwa amene iwo sakanatha kuwaona.

Masiku ano m'galaja muja mumagona galimoto imodzi, ndipo mbali inayo kalipentala anaikako benchi yake yopalira matabwa. Loweruka m'mawa anthu a mumsewu umenewo amaona nkhalamba ziwiri zitapanikizana m'kagalimoto kakafupi, mwamuna pakamwa pasakutsekeka, mkazi akumudula mawu kuti asinthe giya. Alipo ena amene amanong'onezana kuti Kamvuluvulu anazizira, msewu unamuopsa. Asiyeni anene, pakamwa ndi pawo. Mayiwo anachedwa kuzindikira, ndipo zaka za macheza zimene anataya palibe angawabwezere, koma anazindikirabe zimene akuluakulu ananena kalekale, kuti kuyenda awiri si mantha.